Msewu timagwiritsa ntchito tonse, nanga bwanji bajeti yake imangowerenga magalimoto?

Mukaima cha m'ma 5 koloko m'mawa pa msewu wochokera ku Ndirande kutsikira ku Makata, kapena wochokera ku Area 25 kulowera ku Kanengo, choyamba kuona si magalimoto ayi, ndi anthu. Alonda akuweruka, amayi asenza mabeseni a mandasi, ana asukulu, anyamata akukankha njinga zamakala, akabaza, onse akupanikizana pa kamzere kadothi kali pakati pa phula ndi ngalande. Anthu amenewa ndi amene ali ambiri pamsewu, koma ndalama zamisewu zikamagawidwa zimakhala ngati kulibe. Ine nkhani imeneyi imandiwawa ndipo ndikufuna ndiifotokoze bwinobwino, chifukwa ambirife timangoti "boma litikonzere misewu" osadziwa kuti ndalamazo zimadutsa kuti, amasankha ndani, ndipo woyenda pansi amatayika pa siteji iti.

Tiyambe ndi manambala ochepa chabe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi 84 peresenti timakhala kumudzi. Mabanja omwe ali ndi galimoto sakwana n'komwe 5 pa 100 alionse, pomwe njinga yakapalasa imapezeka pafupifupi m'mabanja 4 mwa 10. Ndiye olo amene amakwera minibasi tsiku lililonse amayamba wayenda kaye wapansi kukafika pa siteji, akatsikanso amayenda. Kumbali ya ngozi, lipoti la WHO la 2018 linaika Malawi pa imfa pafupifupi 31 pa anthu 100,000 alionse pachaka, zomwe zili m'gulu la zokwera kwambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo pafupifupi theka la omwalirawo anali oyenda pansi, apanjinga nawo chigawo chawo chachikulu ndithu. Kutanthauza kuti amene akufa kwambiri pamsewu si amene ali mkati mwa galimoto, ndi amene ali kunja kwake.

Tsono ndalama. Kuyambira 2006 ntchito ya misewu inagawidwa pawiri, pomwe kale inali m'manja mwa National Roads Authority. Pali Roads Fund Administration yomwe imasunga ndi kutulutsa ndalama, ndiye pali Roads Authority yomwe imakonza mapulani, kupereka makontilakiti ndi kuyang'anira ntchito pa misewu ikuluikulu ngati M1. Misewu ya mkati mwa mizinda ndi maboma yambiri ili pansi pa makhonsolo. Thumba la misewu limadalira kwambiri levi yomwe ili mkati mwa mtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, kuphatikiza ndalama zomwe magalimoto akunja amalipira akamalowa mdziko, komanso ma tollgate, ya pa Chingeni yomwe inayamba kumapeto kwa 2021 ndi ya pa Kalinyeke ku Dedza yomwe inatsatira kumayambiriro kwa 2022. Koma misewu yaikulu yatsopano nthawi zambiri simangidwa ndi levi yokha ayi, imamangidwa ndi ndalama za bajeti ya boma, ngongole ndi thandizo lakunja, monga kukonzanso M1 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la KIA kupita kumpoto komwe kuli ndalama za European Investment Bank ndi European Union.

Apa ndi pomwe pamabwera mawu omwe ndimawamva kawirikawiri kwa anzathu amagalimoto, akuti wanjinga salipira levi, salipira tollgate, alibe COF (satifiketi yoti galimoto ili bwino), ndiye akufuna msewu wake wa chani. Mawu amenewa ndi olakwika pa zifukwa zingapo ndipo tisamawasiye adutse. Levi ya mafuta siithera mthumba la mwini galimoto, dalaivala wa minibasi amaiika pa mtengo wokwerera, mwini thiraki amaiika pa mtengo wa shuga, sopo, feteleza ndi simenti, ndiye gogo wa ku Ntchisi yemwe sanagwirepo chiwongolero amalipira levi imeneyo nthawi iliyonse akagula mchere. Ngongole yomangira msewu tidzabweza tonse kudzera mmisonkho, VAT sifunsa kuti uli ndi laisensi. Komanso levi ija cholinga chake chachikulu ndi kukonza zomwe zaonongeka, ndiye funso ndi loti amaononga msewu ndani. Mainjiniya anayeza zimenezi ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pa msewu woyeserera ku Illinois, anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye thiraki imodzi yodzadza imadya phula kuposa magalimoto ang'onoang'ono masauzande, njinga ndiye siionekera n'komwe pa sikelo imeneyo. Wanjinga sakupempha chifundo, akufunsa gawo la ndalama zomwe wasonkha kale.

Nanga woyenda pansi amatayika pati? Msewu usanamangidwe mainjiniya amayamba ndi kuwerenga magalimoto odutsa patsiku, kenako amawerengetsa phindu la msewuwo, ndipo phindu lomwe limalowa mmasamu ndi mphindi zomwe galimoto ipulumutse, mafuta, matayala ndi masipeyala. Munthu yemwe akuyenda makilomita 7 kupita kuntchito mmphepete mwa msewu womwewo nthawi zambiri sawerengedwa, ndipo chomwe sichinawerengedwe sichijambulidwa pa dizaini. Pena amajambula ndithu, kanjira ka oyenda pansi, magetsi, malo owolokera, koma ntchito ikafika pakati kwacha yagwa, mitengo ya phula ndi simenti yakwera, ndalama zaperewera, ndiye amakhala pansi kuona chomwe angachotse. Sangachotse leni ya galimoto chifukwa aliyense aona. Amachotsa zomwe akuziona ngati zokongoletsera, kanjira kaja, magetsi aja, zivindikiro za ngalande. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye tangoganizani makontilakiti angati omwe anafunika kuwerengedwanso nthawi imeneyo. Tsiku lotsegulira msewu umaoneka wakuda bii, mizere yoyera, aliyense akuomba mmanja, palibe amene akufunsa kuti pa pepala loyamba lija panali chani.

Tayang'anitsitsani mmphepete mwa msewu wakale uliwonse muone chomwe wanjinga amakumana nacho. Phula limadyeka kuchokera kumbali, mvula imakokolola dothi, pamatsala chiphompho chakuthwa mwina chotalika ngati chikhatho. Bambo wanyamula matumba atatu amakala, njinga yalemera kumbuyo moti tayala lakutsogolo likungopepuka, kumbuyo kwake thiraki yaimba hutala ndipo kutsogolo kukubwera basi. Ali ndi masekondi awiri kuti asankhe, atsike chiphomphocho ndi katundu yense n'kugwa, kapena akakamire paphula n'kudalira kuti dalaivala amulambalala. Akagundidwa lipoti limati wanjinga analowa mumsewu mosasamala. Koma malo oti akhalemo analipo? Ngoziyo inayamba kalekale pa tebulo pomwe wina anavomereza kuti msewuwo ukhale wopanda shoda yaphula, malo otsala mmphepete mwa leni ya magalimoto.

Nkhani ya liwiro ndi yomwe anthu ambiri saimvetsa. WHO imati munthu wamkulu akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola, mwayi woti afa sufika 20 peresenti, koma pa 80 umafika pafupifupi 60 peresenti. N'chifukwa chake msonkhano wa mayiko wa ku Stockholm mu 2020 unagwirizana kuti pomwe anthu ndi magalimoto amasakanikirana liwiro lizikhala 30. Ndiye taganizirani M1 yathu mmene imadutsira pakati penipeni pa misika, Lunzu, Kampepuza, Lizulu, Chimbiya, Nathenje, Mponela, Jenda. Tsiku lamsika tomato ndi mbatatesi zili pa phula penipeni, ana akuwoloka, minibasi zaima paliponse. Ambiri tikukumbuka thiraki yomwe inalowa mu msika wa Kampepuza ku Ntcheu mu 2019 n'kupha anthu ochuluka nthawi imodzi. Ndiye msewu ukakonzedwa kukhala wosalala popanda kusintha china chilichonse pa malo ngati amenewa, magalimoto amathamanga kwambiri kuposa kale, ndipo msewu wabwinowo umasanduka woopsa kuposa wamaenje uja. Chikwangwani cholembedwa 50 pachokha sichichepetsa liwiro. Chimachepetsa ndi mmene msewu waumbidwira, mahampu omangidwa bwino, malo owolokera okwezedwa, kachilumba pakati poti munthu aime kaye, malo oimikira minibasi kunja kwa msewu, msika wosunthidwa pang'ono koma osati kutali moti ogulitsa abwereranso.

Ena amati yankho ndi milatho yodutsa pamwamba. Ine pa iyi ndimakayika kwambiri. Mlatho wapamwamba ndi wodula, ndipo umamangidwa kuti galimoto isachepetse liwiro, osati kuti munthu awoloke mosavuta. Mayi woyembekezera, gogo wa ndodo, munthu wa pa wilitcheya, mnyamata wa njinga yamakala uja, onsewa masitepe sangakwere. Usiku ngati palibe magetsi anthu amaopa achifwamba pamwambapo. Mapeto ake amawolokera pansi pomwepo pomwe tsopano madalaivala sakuyembekezera munthu. Pa msewu waukulu wothamanga kwambiri mlatho ukhoza kufunika, koma mkati mwa tawuni ndalama ya mlatho umodzi ikhoza kukonza malo owolokera apansi ambirimbiri. Chimodzimodzi kukulitsa misewu, ngati maleni 6 a msewu wa Kenyatta ku Lilongwe omwe anagwetsetsa mitengo yambiri ija mu 2021. Sindikunena kuti mzinda usakule ayi, koma msewu ukakula kuwoloka kumatalika, mthunzi wa woyenda pansi umapita, ndipo mizinda yambiri padziko yaona kuti maleni atsopano amadzadzanso pakapita zaka zochepa chifukwa amakoka magalimoto ena. Ndiye muyezo wa msewu wotere usamangokhala kuti jamu yatha, tizifunsanso kuti mwana wa sitandade 3 awoloka bwanji.

Chomwe chimandipatsa mphamvu ndi choti mayiko omwe timawasirira pa njinga sanabadwe choncho. Ku Netherlands m'zaka za m'ma 1960 ankagumula nyumba kuti magalimoto adutse. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pa ngozi zapamsewu, ana oposa 400. Makolo anakwiya, anayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana, ankatseka misewu, kukhala pansi pamsewu ndi ana awo, kupita kwa aphungu. Kenako mu 1973 kunabwera vuto la mafuta, boma linaletsa magalimoto Lamulungu kwa kanthawi, anthu anaona mmene mzinda umakhalira wopanda magalimoto, ndipo pang'onopang'ono ndalama zinayamba kupita ku njira za njinga. Zinatenga zaka zambiri. Ife mizere ya pa filling station timaidziwa bwino, kugona mgalimoto kudikira tanka, foreks yochepa yomwe dziko lili nayo ikuthera kugula mafuta. Ulendo uliwonse womwe munthu wayenda pa njinga mmalo mwa galimoto ndi dola yomwe sinatuluke mdziko. Kusiyana kwathu ndi a ku Netherlands ndi koti iwo ankavutika kubweza anthu pa njinga, ife anthu ali pa njinga kale, chongofunika ndi kuti asamafe.

Pafupi ndi kwathu zilikonso. Uganda inakhazikitsa ndondomeko ya oyenda pansi ndi apanjinga mu 2012. Nairobi mu 2015 inalemba kuti 20 peresenti ya bajeti yomangira misewu izipita ku zimenezi, ndipo UN Environment mu 2016 inapempha mayiko onse kuti azipatula 20 peresenti yomweyo. Zambia inatulutsa ndondomeko yake mu 2019, Ethiopia mu 2020, ndipo ku Kigali ndi ku Addis Ababa kuli masiku omwe misewu ina imatsekedwa kuti anthu ayende ndi kupalasa momasuka. Koma tisanamizane, aliyense amene wayendapo wapansi mu Nairobi kapena Lusaka akuuzani kuti pepala ndi msewu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ifenso tili ndi National Transport Master Plan ya 2017 mpaka 2037 yomwe imatchula oyenda pansi ndi apanjinga. Mawu alipo. Chomwe chimasowa ndi mzere wake wake mu bajeti wokhala ndi nambala, woti pakutha pa chaka munthu afunse kuti munalonjeza zakuti, mwagwiritsa ntchito zingati, mwamanga makilomita angati, kuti. Ireland mu 2020 inachita chonchi, inanena poyera kuti 360 miliyoni euro pachaka ipita ku kuyenda pansi ndi njinga, ndiye atolankhani ndi mabungwe anali ndi nambala yoti aziitsata. Popanda nambala, nduna iliyonse ikhoza kunena kuti timaganizira oyenda pansi ndipo palibe angaitsutse.

Pali chinthu china ku Lilongwe chomwe chimaonetsa kuti kufunika kwake ndi kwakukulu bwanji. Pa mtsinje wa Lilongwe pakati pa msika wa Tsoka ndi tsidya linalo anyamata akhala akumanga timilatho tamitengo ndi matabwa, munthu umalipira kandalama kuti uwoloke, mvula ikakokolola amamanganso. Timagwedera, matabwa ena ndi otalikirana moti madzi umawaona pansi, koma amayi ndi katundu pamutu amadutsa tsiku lonse. Ndiye kuti woyenda pansi wosauka wakhala akulipira tollgate yake zaka zambiri Chingeni isanabwere, pa mlatho womwe boma silinamange. Kumudzi ndiye nkhani ndi yomweyi koma yoopsa kwambiri, kamtsinje kamodzi kakadzadza ana sapita kusukulu sabata yonse, mayi wodwala safika kuchipatala, njinga ya ambulansi imathera pa gombe. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 midzi yambiri kummwera inadulidwa chonchi. Kamlatho ka oyenda pansi ndi njinga mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka kilomita imodzi ya phula, ndipo ndi zinthu zomwe CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu) ndi ndalama zachitukuko za khonsolo zikhoza kukwanitsa ngati makomiti achitukuko a mmudzi ndi a mdera, VDC ndi ADC, aziika patsogolo n'kuzikakamira.

Za akabaza ndinenepo pang'ono chifukwa apa timasakaniza zinthu. Njinga zamoto zachuluka kwambiri zaka zapitazi ndipo mawodi a mafupa ku Queens ndi ku Kamuzu Central adzadza ndi ovulala, chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 2023 ndipo ntchito siichepa. Zimenezo zikufunika malamulo, maphunziro ndi zipewa, palibe kutsutsa. Koma kabaza wakapalasa ndi nkhani ina, sathamanga, sagwiritsa mafuta, amafika komwe minibasi siifika ndipo amadyetsa mabanja ambiri ku Salima, Dedza, Mzuzu, Nsanje ndi kwina konse. Makhonsolo amizinda nthawi ndi nthawi amawathamangitsa pakati pa tawuni ati akubweretsa chisokonezo. Ine ndimaona kuti chisokonezocho chimabwera chifukwa sanapatsidwe malo, palibe leni yawo, palibe siteji yovomerezeka, ndiye amaima paliponse. Kuwathamangitsa ndi kuchotsera osauka thiransipoti yotchipa popanda kuwapatsa ina. Ndipo ndalama yomwe boma likuononga pa opareshoni ya mwendo wothyoka, zitsulo, bedi miyezi iwiri, ndi ndalama ya boma yomweyo, kungoti ikutuluka ku unduna wa zaumoyo mmalo mwa wa zamtengatenga, ndiye palibe amaiphatikiza.

Wina anena kuti mukamanga kanjira ka oyenda pansi mavenda adzaikapo mabenchi, magalimoto adzaimikapo, njinga zamoto zidzadutsamo. Ndi zoona, timaziona ku Limbe ndi ku Old Town. Koma yankho lake si kusamanga ayi. Venda amapita pomwe pali anthu, ndiye dizaini yabwino imamusiyira malo ake pambali mmalo monamizira kuti kulibe. Galimoto imaletsedwa ndi kakhoma kokwera kapena tizipilala, penti yokha siiletsa munthu. Leni ya njinga yongojambula ndi penti pa msewu wothamanga imasanduka poimikira minibasi sabata yomweyo. Komanso kukonza kumafunika bajeti yake, mchenga ukadzadza mu leni ya njinga wanjinga amabwerera pakati pa msewu, chivindikiro cha ngalande chikabedwa usiku munthu amathyoka mwendo.

Ndiye munthu wamba angalowerere pati? Chaka cha boma cha ndalama pano chimayamba pa 1 Epulo, ndipo miyezi ingapo izi zisanachitike unduna wa zachuma umayenda mmizinda kumva maganizo a anthu pa bajeti. Kumeneko kumadzadza amabizinesi ndi mabungwe opempha kuchotseredwa misonkho, mawu a oyenda pansi samveka kawirikawiri, chonsecho mabungwe a akabaza, a anthu aulumali, makomiti a sukulu ndi mipingo akhoza kupita limodzi ndi pempho limodzi lomveka, peresenti yakuti ya ndalama zamisewu ipatulidwe, ndipo msonkho wa pa njinga ndi masipeyala ake uunikidwe chifukwa tayala ndi tcheni zikadula ndi wosauka amene amatsika pa njinga. Msewu waukulu usanamangidwe pamakhala misonkhano yofunsa anthu okhudzidwa, ndipo nthawi zambiri timangokambako za chipukuta misozi cha nyumba ndi mitengo, osafunsa kuti tione dizaini, ana athu awolokera pati, shoda ndi yotambalala bwanji, pamsika mwaikapo chani. Nthawi yofunsa ndi imeneyo, phula likathiridwa kusintha kumadula kwambiri. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limatipatsa ufulu wolemba kalata kupempha zikalata ngati zimenezi, ndipo mabanki akunja omwe amabwereketsa ndalama amakhala ndi malamulo awo a chitetezo cha pamsewu komanso njira zolandirira madandaulo, ndiye kalata yopita kwa iwo imamveka.

China chomwe chimagwira ntchito ndi kuwerenga tokha, poti vuto linayambira pa kusawerengedwa. Komiti ya sukulu ikhoza kuika anthu awiri pa geti kuyambira 6 mpaka 8 koloko mmawa kwa sabata imodzi, wina akulemba ana owoloka, wina magalimoto odutsa, kujambula ndi foni pomwe ana amaima, kulemba ngozi zonse zomwe anthu a mderalo akukumbuka ndi masiku ake. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linachita zofanana ndi zimenezi pa masukulu apulaimale, n'kuika mahampu, tinjira, zikwangwani ndi malo owolokera pa mtengo wochepa, ndipo kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana kunatsika ndi pafupifupi 26 peresenti. Pepala lotero mukapita nalo kwa khansala, kwa DC kapena kwa injiniya wa khonsolo, ndi siginecha ya ahedi, amfumu ndi tcheyamani wa akabaza, mupemphe chinthu chimodzi chotchulika, malo akuti, chakuti, mu bajeti ya chaka chakuti, ndipo musachoke musanauzidwe kuti msewuwo uli mmanja mwa khonsolo kapena Roads Authority, chifukwa maofesi awiriwa akhoza kumakutumizani uku ndi uku mpaka chaka chitatha.